Kuchokera pa nati yolendewera mpaka nambala ya Planck: zolemba za ntchito yanga

Ndinadziikira lamulo limodzi: chilichonse chomwe ndawerenga m'buku la fizikisi ndichiyeze ndekha, kuyambira mphamvu yokoka ya dziko mpaka kukafika pa nambala ya Planck, yomwe ndiyo khomo lolowera mu quantum mechanics, fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono monga ma atomu. Labotale ndilibe. Ndili ndi tebulo, foni, rula ndi chipinda chomwe usiku chimachita mdima wokwanira. Ndikulemba makamaka zomwe zinalakwika, poti buku limangokupatsa yankho lomaliza, silikuchenjeza kuti ulusi umamasuka kapena kuti diso limasintha pamene ukuyeza.

8 Malichi: nati pa ulusi

Zipangizo: nati yaikulu yachitsulo, ulusi wosokera, msomali, tepi yoyezera ndi wotchi ya pafoni. Sindinagule kanthu.

Ndakhoma msomali pamwamba pa felemu ya chitseko, ndamangapo ulusi wa mita imodzi, nati ili kumunsi. Masamu ake ndi aafupi: g = 39.48 × L ÷ T². Apa g ndi nambala yosonyeza mmene liwiro la chinthu chakugwa limakulira chifukwa cha kukoka kwa dziko, L ndi kutalika kwa pendulamu (nati yolendewera pa ulusiyi), T ndi nthawi yomwe nati imatenga kupita ndi kubwerera, ndipo 39.48 ndi 4π². Yankho liyenera kukhala pafupi ndi 9.8, chifukwa padziko pano g imachokera pa 9.78 ku equator kufika pa 9.83 ku North Pole ndi South Pole.

Ndinayeza ulendo umodzi wokha. Koyamba wotchi inati masekondi 1.9, zomwe zikupereka g ya 10.9. Kachiwiri 2.2, g ya 8.2. Vuto ndi chala. Munthu akaona chinthu, chala chimadina patapita pafupifupi masekondi 0.2, ndipo pa ulendo wa masekondi awiri kuchedwa kumeneko ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Popeza T imachulukitsidwa ndi iyo yomwe, cholakwikacho chimawirikiza kawiri mu yankho.

9 Malichi: manambala ofanana koma olakwa

Lero ndawerenga maulendo 20 n'kugawa. Ndapeza 41.0, 41.1 ndi 41.2. Ndinasangalala kuona manambala akuyandikana chonchi, koma nditawerengera g inatuluka 9.35. Kufanana kwa manambala kumangosonyeza kuti ukubwereza chinthu chimodzimodzi, ngakhale chinthucho chili cholakwika.

Zolakwa zinalipo ziwiri, ndipo zanditengera madzulo onse kuti ndizipatule. Choyamba, natiyo ndimaikokera kutali, pafupifupi madigiri 30, kuti ndiziiona bwino. Masamu aja amagwira ntchito pokhapokha ngati ikugwedezeka pang'ono. Pa madigiri 30 ulendo umatalika ndi pafupifupi 1.7 peresenti, pamene pa madigiri 10 umangotalika ndi 0.2. Nditaikoka masentimita 10 okha, maulendo 20 anatenga masekondi 40.4, g n'kukwera kufika 9.68.

Chachiwiri ndi kutalika. Ine ndinayeza kuchokera pa msomali kufika pa mfundo, pomwe L imafika pakati pa natiyo, masentimita 1.5 pansi pa mfundo. Ndi L ya mamita 1.015, g yafika 9.82.

Tinthu tina tating'ono tomwe tingakupulumutseni nthawi. Ulusi wosokera ndi wopota, ndiye nati ikangolendewera imayamba kuzungulira, ulusi n'kumatalika pang'onopang'ono. Isiyeni ilendewere usiku wonse, muyeze kutalika m'mawa. Matani tepi pansi, pomwe nati imaima ikakhala chete, ndipo muzidina wotchi ikamadutsa pamenepo, osati ikafika kumapeto komwe imazengereza. Mukamadina koyamba nenani "ziro", osati "wani". Ine ndinataya muyeso umodzi chifukwa ndinawerenga maulendo 19 ndikuganiza kuti ndi 20.

12 Malichi: nati zitatu

Ndamanga nati zitatu mbali ndi mbali kuti pakati pake pakhale pomwe panali poyamba. Maulendo 20: masekondi 40.5. Kulemera kwachuluka katatu, nthawi sinasinthe. Ndinkadziwa kuti zidzatero, komabe ndinabwereza kanayi chifukwa mumtima ndinkayembekezera kuti zolemerazo zithamanga. Dziko limakoka nati zitatu mwamphamvu katatu, koma nati zitatu zimavutanso katatu kuzisuntha, ndiye ziwirizi zimafafanizana. Ndi lamulo lachiwiri la Isaac Newton la mu 1687, F = ma (F ndi mphamvu yokoka kapena yokankha, m ndi kulemera kwa chinthu, a ndi kukula kwa liwiro lake), likuonekera pa felemu ya chitseko. Mu 1971 David Scott wa Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga pamwezi, pomwe palibe mpweya, ndipo zinafika pansi limodzi. Christiaan Huygens anapanga wotchi ya pendulamu mu 1656 podalira kusasintha kwa nthawi ya ulendo wa pendulamu.

Gawo la kukoka ndi kukankha ndalitseka apa.

22 Malichi: timipata tiwiri talephereka

Ndagula laser yofiira yolozera, yolembedwa 650 nm (utali wa funde la kuwala kwake; nm ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita), ndi mabatire ake ang'onoang'ono ozungulira. Zina ndi foilo ya aluminiyamu, malezala awiri, katoni ndi tepi yakuda. Chenjezo lisanachitike china chilichonse: laser isaloze m'diso la munthu, ngakhale itanjanja pa galasi kapena pa chitsulo chonyezimira.

Ndimafuna kubwereza zomwe Thomas Young anasonyeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, kuti kuwala kukadutsa pa timipata tiwiri toyandikana kumajambula mizere yowala ndi yakuda pakhoma, monga amachitira mafunde akakumana. Ndinaphatikiza malezala awiri ndi tepi n'kucheka foilo kamodzi. Ndayesa kasanu ndi kawiri. Foilo imang'ambika pakati pa timipata, kapena kampata kamodzi kamatseguka kwambiri kuposa kanzake. Pakhoma pamangooneka chibanga chofiira chotambalala. Kuwonjezera apo, batani la laser limafuna kuligwira, ndipo dzanja likanjenjemera pang'ono chithunzi chonse chimavina.

Zowonongeka: mabatire atatu atha, foilo theka la mpukutu.

24 Malichi: tsitsi limodzi

Ndasiya foilo. Batani ndalipanikiza ndi chopanira zovala, laser ndaimata pa buku lochindikala. Ndaboola zenera laling'ono pa katoni n'kumatapo tsitsi limodzi mopingasa. Tsitsi liyenera kukhala lokokedwa bwino. Loyamba ndinalimata molekerera, linapindika, ndipo chithunzi chinatuluka chopendekeka ndi chosamveka.

Lachiwiri litawongoka, pakhoma la mamita 3 kutsogolo panatuluka mzere wa timadontho tofiira tolekana ndi mipata yakuda, toyala mopingasana ndi tsitsilo. Ndinakhala nthawi yaitali ndikungoyang'ana. Chinthu chotchinga kuwala chikupereka chithunzi chofanana ndi cha kampata kopyapyala mofanana nacho. Mfundo imeneyi imatchedwa ndi dzina la Jacques Babinet, ndipo ndi yomwe imalola kuyeza kunenepa kwa tsitsi: utali wa funde kuchulukitsa ndi mtunda wokafika kukhoma, kugawa ndi mpata wa pakati pa madontho akuda oyandikana.

Apa ndinalakwitsanso. Ndinayeza kuchokera pa mdima woyamba kumanzere kufika pa mdima woyamba kumanja, kudumpha dontho lowala lapakati, n'kupeza masentimita 5.2. Tsitsi linatuluka ma micrometre 37.5 (micrometre ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a mita). Koma dontho lapakati ndi lotambalala kawiri kuposa anzake. Nditayeza mipata inayi yotsatizana mbali imodzi n'kugawa, mpata uliwonse unali masentimita 2.6, ndipo tsitsi ndi ma micrometre 75. Matani pepala loyera pakhoma, lembani ndi pensulo pakati pa mdima uliwonse, kenako yatsani getsi muyeze pa pepalalo. Kuyeza ndi rula mumdima n'kovuta kwambiri.

29 Malichi: CD yakale

Ndimafuna kutsimikiza ngati 650 nm yolembedwa pa laser ndi yoona. CD ili ndi timizere totalikirana ma micrometre 1.6, ndiye imagawa kuwala m'njira yodziwika. Ndaiimika masentimita 50 kuchokera kukhoma, ndawalitsa laser molunjika pankhope yake, ndipo dontho loyamba lagwera masentimita 22.5 kumbali. Ngodya ndi madigiri 24.2, utali wa funde 656 nm. Zandikwanira. Onetsetsani kuti mwatenga CD osati DVD, poti timizere ta DVD tili pa ma micrometre 0.74 ndipo dontho limathawira kutali. CD imeneyi ndaisunga, sindinadziwe kuti idzandithandizanso.

12 Epulo: LED yoyamba yapsa

Tsopano gawo lomwe ndinayambira ntchito yonseyi. Mawu amodzi ndiyambe ndawalongosola, chifukwa anandisokoneza m'zolemba zanga. "Mphamvu" timaitchula pa zinthu ziwiri: kukoka kapena kukankha komwe kumayezedwa mu ma newton, ndi mphamvu yomwe chinthu chimanyamula kapena kupereka, yoyezedwa mu ma joule. Kuyambira pano ndikunena yachiwiriyi.

Mu Disembala 1900 Max Planck ananena kuti mphamvu ya kuwala imaperekedwa m'timagawo, ndipo kagawo kalikonse ndi h kuchulukitsa ndi f, pomwe h ndiyo nambala ya Planck ija ndipo f ndi kuchuluka kwa mafunde pa sekondi. Albert Einstein mu 1905 anapita patsogolo, nati kuwalako pakokha kumayenda m'timagawo timeneti, tomwe lero timati ma photon. Mu LED, kababu kakang'ono ka magetsi, elekitironi imodzi (kanthu kakang'onong'ono konyamula magetsi) ikatsika kuchoka pa mulingo wapamwamba wa mphamvu kupita wapansi imatulutsa photon imodzi. Ndiye voteji yomwe LED imayambira kuyaka iyenera kukwera limodzi ndi f: yofiira iyambe msanga, yabuluu ichedwe. Kuchokera pamenepo h imapezeka.

Zomwe ndagula: ma LED ofiira, achikasu, obiriwira, abuluu ndi oyera, asanu asanu, potentiometer ya 10 kΩ (chotembenuza chosinthira voteji), ma resistor a 1 kΩ ndi 10 kΩ (ochepetsa magetsi odutsa), batire ya 9 V, breadboard (kabolodi kolumikizirapo zipangizo) ndi multimeter (choyezera magetsi). LED ya infrared, kuwala komwe maso saona, ndaichotsa mu rimoti yakufa ya TV.

Ndinalumikiza LED yofiira ku mwendo wapakati wa potentiometer popanda resistor, poganiza kuti ndizitembenuza mosamala. Chotembenuzacho chinali kale kumapeto olakwika. LED inathwanima kamodzi n'kuda mkati. Resistor ikhale pamzere umodzi ndi LED nthawi zonse, batire isanalumikizidwe. Kumbukiraninso kuti mwendo wautali wa LED ndi wa ku mbali ya +.

Ma LED oyera ndawaika pambali. Mkati mwake ndi abuluu, opakidwa mankhwala omwe amasandutsa kuwala kwina kukhala kwachikasu, ndiye alibe utali umodzi wa funde. LED yabuluu yowala bwino inavuta kwambiri kuipanga, moti Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2014, pamene yofiira Nick Holonyak anali ataipanga kale mu 1962.

15 Epulo: diso silikhazikika

Njira yomwe ambiri amayamba nayo ndi iyi: zimitsa magetsi, tembenuza potentiometer pang'onopang'ono, LED ikangoyamba kuoneka werenga voteji. Ndinapinda pepala lakuda ngati kachitoliro n'kumasuzumira.

Yofiira inaoneka pa 1.56 V. Nditamaliza mitundu ina ndinabwerera kwa yofiira yomweyo, ndipo inaoneka pa 1.49 V. Patapita kanthawi, 1.46 V. Ndinasintha batire, ndinalimbitsa mawaya, ndinasintha LED, koma manambala ankatsikabe. Chomwe chimasintha chinali diso langa. Munthu akakhala mumdima, maso amazolowera kwa mphindi 20 mpaka 30, n'kumaona kuwala kofooka komwe poyamba sankakuona. Komanso diso silikondera mitundu mofanana: masana limamva kwambiri pafupi ndi 555 nm, mumdima limasunthira ku 507 nm. Choncho yobiriwira ndi yabuluu zimaoneka pa kuwala kofooka kuposa yofiira pa zifukwa za m'diso, zosakhudzana ndi Planck.

Ya infrared ndiye siioneka n'komwe. Kamera yakutsogolo ya foni yanga imaiona ngati kadontho kotuwa, yakumbuyo ayi, koma nayonso kamera ili ndi malire akeake. Ndinaona kuti njira imeneyi ikuyeza maso ndi kamera m'malo moyeza LED.

Ndinawerengerabe h pa LED iliyonse payokha, potenga chaji ya elekitironi, 1.602 × 10⁻¹⁹, kuchulukitsa ndi voteji, kugawa ndi f. Yofiira inapereka pafupifupi 5.0 × 10⁻³⁴, yabuluu 5.7 × 10⁻³⁴. Yeniyeni ndi 6.626 × 10⁻³⁴. Onse ali pansi, ndipo sakugwirizana.

19 Epulo: fyuzi yapita, njira yabwino yapezeka

Ndinaganiza zochotsa diso pa ntchitoyi. M'malo mofunsa kuti "yayaka kodi?", ndidutsitse magetsi ofanana ndendende mu LED iliyonse, ochepa kwambiri, ndiwerenge voteji. Multimeter ndili nayo imodzi, ndiye ndimasamutsa waya wofiira pakati pa bowo la mA, loyezera kuchuluka kwa magetsi odutsa, ndi bowo la V, loyezera voteji. Ulendo wina ndinaiwala kuubweza, n'kukagunditsa pa batire kuti ndione ngati ikadali ndi moto. Fyuzi ya mkati inaduka pomwepo. Mbali ya voteji ikugwirabe ntchito, ya mA yafa.

Ndisanapite kukafuna fyuzi ina ndinakumbukira lamulo la Georg Ohm. Ngati resistor ya 10 kΩ ili pamzere umodzi ndi LED, ndipo pakati pa miyendo yake pali 0.50 V, ndiye kuti mukudutsa 0.05 mA. Sipafunikanso kuyeza ma mA. Tembenuzani mpaka resistor iwerenge 0.50 V, samutsani mawaya awiri a multimeter kupita pa miyendo ya LED, lembani. Njira imeneyi ndi yachangu ndiponso yotetezeka kuposa yomwe ndinkayesa, ndipo resistor yaikuluyo imapangitsa kuti potentiometer isamalumphe ukaikhudza pang'ono.

Zinthu ziwiri zinasokonezabe nambala yomaliza. Ndikagwira LED ndi zala, voteji imatsika pang'ono, chifukwa ikafunda imatsika pafupifupi 2 mV pa digiri iliyonse. Ndikayatsa nyale ya patebulo pafupi, nambala imasunthanso, poti LED ikawalitsidwa imapanga timagetsi take. Ndaivindikira ndi kapu yosaonekera mkati, ndipo ndimadikira mphindi imodzi ndisanawerenge.

Zomwe ndapeza pa 0.05 mA: infrared ya 940 nm, 0.92 V. Yofiira ya 625 nm, 1.58 V. Yachikasu ya 590 nm, 1.70 V. Yobiriwira, 1.78 V. Yabuluu ya 470 nm, 2.27 V. Ndabwereza katatu, kusiyana sikunapitirire 0.01 V.

21 Epulo: yobiriwira ikukana mzere

Ndajambula girafu pa pepala la timabokosi, voteji chokwera, f chopingasa. Kuti mupeze f, gawani liwiro la kuwala, 3.00 × 10⁸, ndi utali wa funde. Infrared ikukhala 3.19, yofiira 4.80, yachikasu 5.08, yabuluu 6.38, zonse kuchulukitsa ndi 10¹⁴. Madontho anayi amenewa anagona pa mzere umodzi wowongoka. Yobiriwira, yomwe ndinaiwerengera 525 nm, inagwera pansi pa mzere ndi 0.2 V.

Chiyeso chongoifufuta chinalipo, koma ndinabweza CD ija. Ndinayatsa yachikasu, yobiriwira ndi yabuluu, imodzi pamwamba pa inzake, kuseri kwa katoni yokhala ndi kampata kopyapyala, n'kuyang'ana kuwala kwake pa CD mumdima. Yobiriwira inali pafupi kwambiri ndi yachikasu, kutali ndi yabuluu. Ikanakhala ya 525 nm ikanakhala chapakatikati. Ma LED obiriwira alipo amitundu iwiri: akale, obiriwira mopita kuchikasu, a pafupifupi 565 mpaka 570 nm, ndi atsopano obiriwira kwambiri a 525 nm. Anga anabwera m'kathumba kopanda cholembedwa chilichonse, ndipo 525 ndinangoitenga pa intaneti. Nditaika 570 nm, f n'kukhala 5.26, dontho linakwera pa mzere.

22 Epulo: kupendekeka kwa mzere

Cholakwika cha pa 15 Epulo chaoneka bwino pa girafuyi. Mzere sudutsa pa ziro. Ukaupitiriza kumanzere umadula pafupifupi 0.4 V pansi pa ziro. LED imayamba kudutsitsa magetsi voteji isanakwane mphamvu yonse ya photon, chifukwa ma elekitironi ena amakhala ndi mphamvu yowonjezera yochokera ku kutentha kwa chipinda. Pa magetsi ofanana, kuperewerako kumakhala pafupifupi kofanana pa ma LED onse. N'chifukwa chake kugawa voteji ndi f pa LED imodzi kumapereka nambala yotsika, pamene kupendekeka kwa mzere sikukhudzidwa kwenikweni.

Kuchokera pa infrared kufika pa yabuluu, voteji yakwera ndi 1.35 V pamene f yakwera ndi 3.19 × 10¹⁴. Kugawa ziwirizi n'kuchulukitsa ndi chaji ya elekitironi, h ikutuluka 6.8 × 10⁻³⁴. Yasiyana ndi yeniyeni ndi pafupifupi 2 peresenti.

Ndinene mosabisa kuti 2 peresentiyi ili ndi mwayi mkati. Ma LED asanuwa sanapangidwe ndi zinthu zofanana, utali wa funde wa anayi ndinautenga pa zomwe zimalembedwa za mitundu imeneyo, ndipo LED iliyonse imatulutsa kagulu ka mafunde oyandikana, osati funde limodzi. Ndikanapeza 6.2 kapena 7.1 ndikanavomerabe. Chomwe ndikuchikhulupirira ndi mzere wowongokawo: mtundu wa kuwala ndi womwe ukulamula mphamvu ya kagawo kalikonse. Mwezi wathawu tsitsi linandionetsa kuwala kukuchita ngati funde, ndipo lero pa tebulo lomwelo kukuperekedwa m'timagawo. Robert Millikan anatha zaka akuyeza mfundo ya Einstein ali wokayika nayo, ndipo mu 1916 miyeso yake inagwirizana nayo n'kupereka h yolondola kwambiri pa nthawiyo. Kuyambira pa 20 Meyi 2019, h inakhazikitsidwa pa 6.62607015 × 10⁻³⁴ ndendende, ndipo kilogalamu imatanthauziridwa kuchokera pa iyo.

Zowonongeka kuyambira Malichi: LED imodzi, fyuzi imodzi, mabatire atatu a laser, foilo ndi madzulo khumi ndi limodzi.

26 Epulo

Fyuzi yatsopano ndaiika. Ndabwereza miyeso yonse pa 0.02 mA ndi pa 0.10 mA kuti ndione ngati kupendekeka kusintha. Mzere wonse umatsika kapena kukwera pang'ono, koma h yakhala pakati pa 6.7 ndi 6.9. Ndapezanso LED yobiriwira ya 525 nm yolembedwa bwino pa paketi yake, ndipo mawa ikhala dontho lachisanu ndi chimodzi. Timipata tiwiri tija sindinatisiye: ulendo uno ndidetsa kagalasi ndi mwaye wa kandulo, ndikande ndi malezala ophatikiza aja m'malo mocheka foilo.